Ndizimitse moto wa malemu mkazi wanga?

Aphungu,

Ndine mlimi wa ng'ombe, bambo wachikulire ndithu. Mkazi wanga Gobnait anatisiya kalekale, koma moto umene anakoleza tsiku lolowa m'nyumba muno sunazimepo. Madzulo ndimaukwirira ndi phulusa monga ankachitira iye, m'mawa n'kuufukula, n'kusonkhezera zigulumwa zouma za kudambo, zimene kuno zimayaka ngati nkhuni. Ngakhale kumaliro a mchimwene wanga ku Glasgow sindinapite, kuopa kudzaupeza utazima.

Tsopano mtima wagwa pa Treasa, namwino wopuma ntchito, wa gulu lija lotsata chipembedzo cha makolo athu Achikeluti. Tikufuna kumanga banja. Koma chikondwerero cha Bealtaine chayandikira, ndipo mwambo wake mukuudziwa: aliyense azimitse moto wa m'nyumba, akapale watsopano pa chimoto cha paphiri. Treasa wanenetsa: "Fachtna, ine sindidzaotha moto wa mkazi mnzanga. Zimitsani tikatenge wathu, apo ayi mukwatire phulusa lanulo!" Ndinaseka, koma mwiniwake sanaseke.

Dzulo ndinanyamula ndowa ya madzi, kufika pamoto n'kulephera kuthira. Zikukhala ngati ndikumuika Gobnait kachiwiri. Komatu Treasa ndimamukonda, ndipo ndikuopa kumutaya. Nditani?

F.M., Drumshanbo

Bambo F.M.,

Ikani pansi ndowayo. Moto wotere sauthira madzi ngati wa kudzala, pamenepo mtima wanu sunaname.

Koma Treasa sakulakwa. Moto umene unakuletsani kukaika m'bale wanu unasiya kale kukutumikirani, mukuutumikira ndinu. Makolo aja sankazimitsa moto chifukwa chodana ndi wakale ayi. Ankakhulupirira kuti chodutsa pamoto chimatuluka chitasintha, n'chifukwa chake ankadutsitsa ng'ombe pakati pa malawi asanazitengere kumsipu watsopano. Chaka chino wodutsa ndinu.

Tsikulo masana palani khala limodzi, muliike mumphika wachitsulo. Otsalawo musawasonkhezere, agone okha. Ngati muli ndi ana aitaneni, wofuna kulira alire nanu. Musese pamotopo, mupezenso munthu achotse mwaye m'chumuni, poti zaka zonsezi, abale, kaya muli zotani mmenemo! Dzuwa likapendeka kwerani phiri ndi mphika wanu, mukaponye khalalo m'chimoto cha anthu onse, mutchule dzina la Gobnait mokweza. Mukatero Treasa apale watsopano, mutsike nawo awiri.

Zonsezi mumufotokozere Treasa lero lomwe, asadzaonere paphiri pomwepo. Ngati akufuna banja, osati mpikisano ndi wakumanda, mudzaona akukuthandizani kunyamula mphikawo.

Koma chenjerani, bambo. Treasa adzasonkha moto mwa njira yake, mwina kufukitsa utsi, mwina kuiwala kuukwirira mpaka kuzima. Ukazima, machesi alipo. Tsiku limene mudzatsegule pakamwa n'kunena kuti "malemu sankasonkha chonchi," mudzaotha nokha.