Purosesa Yosalowa pa Bodi ya Sungeni

Nkolokosa,
Blantyre.
14 Juni 2023.

Okondedwa mlongo wanga Vailet,

Ndikulemba kalatayi pa nkhani ya kompyuta ya magemu ya mwana wanu Sungeni, ndiponso pa nkhani ya Sungeni mwini wake. Ndasankha pepala chifukwa pa foni mumayamba kulira ndisanamalize kulankhula. A Nasoro, dalaivala wa basi amene anabweretsa katoni yanu kuchokera ku Joni, ndiwo akupatsireni m'manja.

Katoniyo inafika bwino, yosanyowa. Munali bodi yomwe zipangizo zonse zimalumikizidwapo, ramu yosungira zinthu kwakanthawi makina akamagwira ntchito, chogawa magetsi, ndi purosesa, imene ndauzidwa kuti ndiyo ubongo wa makinawo. Zitatu zoyambazo ndi zomwe Sungeni anakutchulirani ngozi ya kabaza ija isanachitike, ndipo munkagula chimodzichimodzi pakutha pa mwezi. Purosesa yokha ndiyo munasintha. Munandiuza nokha kuti mutamva zoti mwana wagonekedwa m'chipatala, munauza wogulitsa kuti akupatseni yatsopano kuposa zonse, ngakhale inadya ndi ndalama zomwe munasungira khadi ya zithunzi. Sindikukudzudzulani. Koma purosesayo siyilowa pa bodiyo.

Sungeni anadziwa atangowerenga pa kabokosi. Anakatembenuza m'manja, nati, "Amayi avutika," kenako anayang'ana kukhoma. Nditaumirira kufunsa anati, "Ankolo, pokhalira pake ndi posiyana. Mukaikakamiza timapini tithyoka, zonse ziwiri zifa. Chonde musawauze." Ine ndikukuuzani, pakuti mwini mwana ndinu.

Loweruka ndinanyamula zonse kupita ku Limbe, kusitolo ya a Jawed, amene amagulitsa ndi kukonza makompyuta. Anaziyala pa tebulo napukusa mutu.

"Bambo Lucius, katundu yense ndi wabwino, koma ndi wa mabanja awiri osakwatirana. Mukasunga purosesayi mugulanso bodi ina ndi ramu ina, ndiye kuti mwayambiranso. Mukasunga bodi, ndipatseni purosesayi, ndikupatsani yakale yolowa bwinobwino. Ndiwonjezerapo chogawa magetsi chokulirapo, chifukwa ichi sichinganyamule khadi."

Ndinati kumeneko ndi kusinthanitsa ng'ombe ndi mbuzi.

"Mbuzi yoyenda, bambo," anatero akuseka. "Ng'ombe yanuyi siyidzuka."

Sankadziwa mmene mnyamatayo alili.

Anandionetsanso khadi ya zithunzi yogwirapo kale ntchito, yochokera kwa munthu wina amene watseka malo ake a magemu ku Chinyonga. Ndinawauza kuti aiyese ine ndikuona, ndipo inayaka popanda vuto. Anati popanda khadi imeneyi Sungeni adzakhala ndi kompyuta yolembera makalata ngati ya kuofesi kwathu kosungira mafaelo. Mtengo wake ukufanana ndi ndalama zomwe abale tinasonkhera njinga ya olumala. Zina tilibe.

Apa mufunsa kuti njinga ya olumala ndi yachiyani, popeza takhala tikukuuzani kuti akupezako bwino. Madokotala anatiuza pomutulutsa kuti msana unawonongeka ndipo Sungeni sadzayendanso. Tinagwirizana kudikira kuti mubwere pa Khirisimasi. Sitingadikirenso. Mlamu wanu Miriam, posintha zofunda sabata yatha, anapeza mapiritsi ochepetsa ululu atakulungidwa mu sokosi pansi pa matiresi. Mnyamatayo sankawamwa, ankawaunjika. Simufunika kuti ndikufotokozereni tanthauzo lake. Tsopano mankhwala ndimasunga ine, ndipo amamwa ndikuona. Namwino amene amamuona ndamudziwitsa.

Lamulungu titachoka ku Misa tinakhala pansi m'chipinda cha Sungeni: ine, Miriam, ndi mwana wanu wamkulu Constance. Ndinafotokoza zimene a Jawed ananena. Constance anakwiya.

"Amalume, munthu akhale chigonere chifukwa cha zidole? Inu nomwe munkamuzimitsira TV kuti magemu ndi ulesi!"

Zimenezo ndi zoona, ndipo maganizo anga pa magemu sanasinthe kwenikweni. Koma Sungeni anayankha asanatembenuke.

"Asisi, njingayo ikanditengera kuti? Pakhomo pali masitepe, kunja kuli miyala. Mudzandikankha kukandiika pa khonde kuti anthu azindipatsa pepani. Anzanga anasiya kubwera kuno, koma m'gemu amapezeka tsiku lililonse, ndipo mmenemo palibe amaona miyendo ya mnzake."

Constance anati akungofuna pobisala. Sungeni anati, "Eya. Inu muli ndi pena?"

Kenako anandifunsa dzina la khadiyo. Nditamuuza anandifunsanso ngati mafani ake akuzungulira popanda phokoso, ngati ingakwane m'bokosi lakale la kompyuta limene mnzake anamusiyira, ndiponso mphamvu za chogawa magetsi chatsopanocho. Anandituma kuti ndiyeze bokosilo ndi tepi, ndipo khadiyo ikukwana, kutsala malo a chala chimodzi. Chichokereni kuchipatala, aka kanali koyamba kumumva akufunsa za chinthu cha mawa. Tsiku limenelo anamaliza chakudya chake.

Sindikulonjezani kuti makina achiritsa mwana. Mwina tikutaya njinga ndi kugula miyezi yochepa chabe. Miyezi imeneyo ndaifuna.

Chomwe tagamula ndi ichi. Purosesa yanu ipita kwa a Jawed, tilandira yakale ndi chogawa magetsi. Ndalama za njinga zigula khadi. Kubafa ndi kuchipatala ndipitiriza kumunyamula ndekha kufikira titasonkhanso. Wavomera Sungeni, wavomera Miriam, ndavomera ine monga malume wake. Constance wakana, koma wati Loweruka andiperekeza ku Limbe kuti ndisanyamule ndekha mu minibasi. Inu musatumizenso chipangizo chilichonse. Pemphani tchuthi, mubwere.

Miriam akupereka moni. Constance akuti mumuimbire. Sungeni akudziwa kuti ndikukulemberani, koma sakudziwa zomwe ndalemba, ndipo mukamalankhula naye musamuonetse kuti mukudziwa. Ndinamufunsa ngati ali ndi mawu oti ndiwonjezere. Anati ndikuuzeni kuti katoni inafika, ndipo purosesa munasankha bwino kwambiri.

Ndine mlongo wanu,
Lucius