Kamwala ka m'Bokosi la Machesi

Chezi, Dowa

Okondedwa achemwali a Mirriam,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko. Kuno fodya tayamba kupachika m'zigafa, ndipo ana akupita kusukulu.

Ine ndabereka mwala, achemwali. Sabata yatha msana unandigwira m'munsi mwa nthiti, mkodzo n'kumatuluka wofiira. Kuchipatala ku Mtengowanthenga anayeza mkodzowo, kenako anandipaka mafuta ozizira m'mbalimu n'kuyendetsapo kachipangizo. Ndinaziona ndi maso impso zanga pa kanema. Kani zimafananadi ndi nyemba.

Anandipatsa mankhwala a ululu, nati ndizimwa madzi ambiri. Lachitatu kamwalako kanatuluka kokha, kochepa ngati njere ya mapira. Ndakasunga m'bokosi la machesi, ndipo anthu akubwera kudzakaona ngati khanda. Anaphiri oyandikana nafe aja akuti wina anachita kundiponyera. Adokotala akuti ndi ludzu, poti timasoka fodya tsiku lonse osamwa madzi, kuopa kutsetsereka phiri kukatunga. Koma ine ndikudabwabe. Mwala umamera bwanji m'thupi lofewa chonchi?

Chinanso, adokotalawo atafika pa impso yakumanzere pa kanema paja anaiyang'anitsitsa, kenako anandifunsa chimene chinatenga amayi. Ine sindikudziwa, paja ndinali mwana. Inu ndi amene munawadwazika. Kodi mapazi awo anayamba liti kutupa? Adokotalawo akuti ndipitenso mwezi wamawa akandiyeze magazi.

Nsapato munanditumizira zija aliyense akuzisirira kutchalitchi. Musavutike n'kugula zina, kungoti masiku ano zayamba kundithina.

Ndine mng'ono wanu,
Rute