Mwana wanga sapepesa chifukwa cha nyemba

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Nanga mwendo wa amayi uja unaphwa? Ine kuno ndili bwino, kungoti chimfine chinandigwira sabata yatha. Chipinda chomwe ndikukhala chikudontha pakona, ndipo eni nyumba akungoti mawa, mawa.

Ndasankha kulemba chifukwa pa foni mumandidula pakamwa. Kalatayi ndapatsira dalaivala wa basi kuti ifike msanga. Muwerenge mpaka kumapeto, kukwiyako mukwiye mutamaliza.

Nkhani ndi ya mwana wanga, Nachidwi wanuyo, poti dzinali munamupatsa ndinu. Munandiuza kuti wachitira mwano aphunzitsi a sayansi, ndipo ahedi amubweza kunyumba mpaka Lolemba, kuti akaimirire pamaso pa sukulu yonse n'kuvomera kuti wolakwa ndi iyeyo. Lamulungu ndinayankhula naye pa foni ya alamu, ndipo anandifotokozera mbali yomwe inu munaisiya.

Akuti aphunzitsiwo analemba pabolodi kuti mbewu siingamere popanda kuwala kwa dzuwa. Iye anakweza dzanja n'kufunsa kuti nanga imamera bwanji ili pansi pa dothi, komwe kuli mdima. Anamuuza kuti akhale pansi, akopere zomwe zalembedwa. Anakopera. Koma atafika kunyumba anatenga zitini ziwiri, n'kuika thonje lonyowa ndi nyemba zisanu m'chitini chilichonse. China anaika pawindo, china anavindikira n'kukankhira kunsi kwa bedi. Patatha masiku asanu zonse zinamera, zakunsi kwa bedizo zili zoyezuka, zazitali ngati zingwe. Ananyamula zitini zonse ziwiri kupita nazo m'kalasi. Anzake anaunjikana kudzaona, wina anaseka, aphunzitsi n'kupsa mtima.

Tsono achimwene, mwano uli pati pamenepa? Anatukwana munthu? Ndinamufunsa katatu ngati nayenso anaseka. Akuti sanaseke.

Chomwe chandipweteka kwambiri n'choti inuyo munakataya zitinizo kudzala, n'kumuuza kuti mwana wamkazi wofunsafunsa sapita patali. Mawu amenewo si anu, ndi a malemu bambo. Ndinawamva ine ndili wamng'ono kuposa iyeyu, tsiku lomwe ndinamasula tochi yawo kuti ndione komwe moto wake umachokera. Munalipo, mbama ija munaimva. Kuyambira pamenepo ndinaphunzira kutseka pakamwa, ndipo nonse munkandiyamikira kuti ndine mwana wofatsa.

Ndikuuzeni zomwe kufatsako kwachita kuno. Mukudziwa kuti ndimagwira ntchito pamalo ochapira nsalu za m'mahotela. Pali makina aakulu ositira, oyendera nthunzi. Awiri timalowetsa nsalu mbali ino, awiri amalandira mbali inayo. Mwezi wathawu ndinayamba kumva kaphokoso kachilendo, kakuti tsiii, pa paipi ya nthunzi, pafupi ndi pomwe amaima mnzanga wina yemwe timangomuitana kuti Make Mapasa. Ndinaonanso timadontho pansi, pomwe mapaipi awiri analumikizana. Masabata atatu ndinkadzifunsa mumtima ngati zimenezi zili bwino, koma pakamwa ndiye gwa. Ndinkati akapitawo akudziwa, ine ndine yani.

Lachiwiri lina paipiyo inaphulika. Nthunzi inamuwotcha Make Mapasa kuyambira pachigongono mpaka paphewa. Ndine ndinamuthira madzi ozizira iye akukuwa. Mpaka lero sakutha kunyamula ana akewo. Ndikapita kukamuona amandithokoza chifukwa cha madzi aja, ine n'kumangoyang'ana pansi.

Atamata paipiyo mwachigamba, akapitawo anatiuza kuti tibwerere pantchito. Ndinaimirira pamaso pa onse n'kufunsa kuti waiyeza ndani, nanga mapaipi enawo anawaona liti. Anandiyang'ana ngati ndawaponda chala, n'kunena kuti, "Iwe ntchito yako ndi nsalu, osati mapaipi." Ndinawayankha kuti khungu loti lipse ndi langa, ndiye funsonso ndi langa. Ndinakana kuyandikira makinawo. Anzanga awiri otsalawo anakananso. Tsiku lachitatu kunabwera amisiri enieni, ndipo anapeza malo ena awiri odyeka, ongodikira tsiku. Ine anandisamutsa. Panopa ndimasankhula nsalu zakuda, zonunkha, kuchipinda chakumbuyo kopanda windo. Chilango chimenecho ndachilandira ndi manja awiri.

Ndiye musandiuze kuti mwana wanga aphunzire kukhala chete. Phunziro limenelo ndinaliphunzira ine, ndinakhoza bwino, ndipo satifiketi yake ili pa mkono wa munthu wina.

Sikuti ndikunyoza aphunzitsi. Ali ndi ana odzaza kalasi mpaka pakhomo, munthu amatopa, amalakwitsa. Mwina ankafuna kunena kuti mbewu siingakule bwino popanda dzuwa, ndipo nyemba zoyezukazo zikanawathandiza kuphunzitsa zomwezo, akanangoziika patebulo n'kufunsa ana kuti akuona kusiyana kotani. Ngati mwanayo anawachititsa manyazi, apite kwa iwo paokha, awauze mwaulemu kuti sichinali cholinga chake. Zimenezo ndavomera, ndipo ndamuuza kale. Koma kuti aimirire pamaso pa anzake n'kukana zomwe anaona ndi maso ake, ayi. Akangochita zimenezo kamodzi, dzanja lija sadzalikwezanso. Ndikudziwa zomwe ndikunena.

Sindikuiwala kuti mukumusunga ndinu, mukumudyetsa ndinu, ndipo mukuopa kuti amuchotsa sukulu mayeso ali pafupi. Mantha amenewo inenso ndili nawo. Koma pempho langa ndi limodzi lokha: Lolemba musamuperekeze kukapepesa. Mundidikire. Ndapempha masiku atatu kuntchito, ndipo akapitawo andilola msangamsanga, poti apumako mafunso anga. Ndifika Lachitatu ndi basi yam'mawa, ndipo ndikakhala pansi ndi ahedi. Sindikukakangana, ndikukafunsa, ndipo sindikadzuka pampando asanandiyankhe. Akakana kundimva ndipita kwa omwe amawayang'anira. Kumenekonso kukakanika, ndimutenga adzaphunzire kuno.

Mundiperekere moni kwa amayi, muwauze asamayende mtunda wautali mwendowo usanapole. Moni kwa alamu, ndipo musawakalipire chifukwa cha foni ija, ndinawakakamiza ndine. Moni kwa ana onse, kwa amalume ndi kwa azakhali. Mwana wangayo mumuuze kuti asaike makope pansi masiku omwe ali pakhomowa, ndidzaona ndekha zomwe walemba.

Alamu asavutike n'kundikonzera chakudya. Ndikatsika basi ndilunjika kusukulu ndi chikwama changa chomwecho. Ndingakonde titakalowa tonse awiri, inu patsogolo monga mkulu wanga. Mukafuna, mudzandipeze pageti. Mukapanda kubwera, ndidzagogoda ndekha.

Ndatha ine mlongo wanu,
Make Nachidwi