Posankha Polemba za Amayi

Lolemba, 4 Ogasiti

Ndawakalipiranso amayi. Chifukwa chake mankhwala. Anawalavula katatu, kachinayi ndinamenyetsa kapu patebulo mpaka inang'aluka. Iwo kungondiyang'ana. Miyezi khumi ndi umodzi chigwereni m'bafa. Mbali yonse yakumanja yakufa, mawu otsala pakamwa osakwana makumi awiri.

Anamwino atabwera ndawauza osabisa. Akuti ndizilemba, zisamandiwire m'mimba. Ndati kulemba ndimalemba, kope lino ndi lachitatu, koma kope siliyankha. Ndiye akuti nditsegule bulogu, tsamba langalanga pa intaneti, anzanga osamalira odwala aziwerenga. Ine telala, sukulu ndinalekera panjira. Komatu makina osokera ndinadziphunzitsa ndekha, kuphwasula ndi kumanganso. Bulogu ingandikanike?

Madiresi awiri a mayi wa kubanki sindinawakhudze n'komwe.

Lachitatu, 6 Ogasiti

Kwa wokonza mafoni pakona paja. Amayi ndinawasiyira aneba, theka la ola lokha. Bamboyo pakamwa ngati wailesi. Malo otsegulirapo bulogu akuti ndi ambirimbiri, wandionetsa atatu.

Oyamba aulere, koma amamata malonda pambali pa zolemba zako. Tatsegula bulogu ya munthu wina. Nkhani ya maliro a mwana wake, pambali mankhwala ochepetsa thupi akuthwanima. Ndati ayi. Amayi anga sangagone pafupi ndi zimenezo.

Achiwiri olipira mwezi ndi mwezi, oyera bwino, adiresi yakoyako. Mtengo wake matewera a sabata yathunthu. Ndangoseka.

Achitatu aulere, opanda malonda. Ukalemba, nkhani imapita ngati kalata kwa aliyense wokutsatira. Osavuta pafoni.

Wati: "Musathamange, mayi. Yesani onse kaye, ndipo dzina lenileni musaikepo." Ndamufunsa ngati ndikuoneka ngati wakuba. Wobisa dzina ndi amene akunama. Ine nkhope ndili nayo imodzi.

Lachinayi, 7 Ogasiti

Ndayesa oyamba aja, kungofuna kuona. Usanalembe liwu ndi limodzi lomwe, sankha maonekedwe. Mitundu mazana awiri. Ndakhala ngati makasitomala anga aja ogwira nsalu iliyonse osagula. Mphindi makumi anayi zapita, chala chauma, ndalemba zero. Foni ndaiponya pa mulu wa zidutswa.

Chilonda cha pachiuno cha amayi chakula. Ngati chivindikiro cha botolo tsopano. Kuwatembenuza maola awiri aliwonse, ndekha. Msana wanga ukulira ngati chitseko.

Lamulungu, 10 Ogasiti

Achimwene ndi alamu, ulendo wawo wa pasabata. Malalanje asanu ndi malangizo thumba lodzaza. Alamu kuima pakhomo pa chipinda, mpango pamphuno. Akuti mawindo ndizitsegula. Achimwene akuti amayi achepa thupi, kodi ndikuwadyetsa mokwanira? Ndawapatsa thewera m'manja, ndati yambani ndi ili. Akuti ukali wangawu ndi umene unandithawitsira mwamuna. Mphindi makumi anayi ndi zisanu, galimoto yalira.

Atangochoka ndatsegula achitatu aja. Zoyesa onse zija ndi za anthu okhala ndi nthawi. Dzina langa lonse, chithunzi changa. Kenaka mafunso, tsamba ndi tsamba, tizilembo ngati nyerere. Amayi uko akumenya chitsulo cha bedi ndi dzanja labwinolo. Ndangodina inde, inde, inde, mpaka khomo latseguka.

Nditawasintha, ndakhala pamakina ndi kulemba ndi chala chimodzi, ola lathunthu dzuwa likupendeka. Fungo. Chilonda. Kapu ija. Malalanje asanu. Ndipo mzere umodzi umene sindinauuzepo munthu: masiku ena ndikamalowa m'chipinda m'mawa ndimalakalaka nditawapeza atafa. Sindinalembe atatisiya. Atafa. Ndatumiza.

Kupepuka kwake ngati ndatula thumba la simenti.

Lachiwiri, 12 Ogasiti

M'mawa: owerenga 63. Ndinavina pang'ono kukhitchini, ine ndemwe. Mayi wina wosamudziwa walemba kuti akusamalira mwamuna wake chaka chachinayi, ndipo mzere uja anauwerenga kasanu. Ndamuyankha.

Masana: uthenga wa msuweni. Kenaka wa mayi wa kubanki, akuti pepani ndi zimene mukudutsamo, madiresi musavutike nawo, atumiza munthu adzatenge nsalu. Kenaka wogulitsa ulusi. Wogulitsa ulusi adziwa bwanji?

Ndathamangira pakona. Wokonza mafoni wayang'ana kamodzi kokha. Limodzi la ma inde aja linali lovomera kuti aitane aliyense amene ali m'foni mwanga. Anthu mazana atatu ndi kanthu. Apongozi akale. Mwini nyumba. Alamu.

Ndamukalipira kuti bwanji sanandiuze. Wati anandiuza kuti ndisathamange. Zoona. N'chifukwa chake ndakwiya kwambiri.

Lachinayi, 14 Ogasiti

Achimwene pafoni dzulo, mphindi makumi awiri, ine mawu atatu. Ndavula banja pamsika. Ndachititsa manyazi mayi wondibala. Za malalanje zawawawa kuposa za imfa, ndamva ndekha.

Lero ndinapita kukagula bandeji. Alamu abwera ine kulibe, aneba awatsegulira, nanga akanawakaniza bwanji. Akhala pamphepete pa bedi, mpango osaugwira n'komwe, n'kuwawerengera amayi nkhani yonse. Pang'onopang'ono, akutero aneba, ngati kuwerengera mwana. Akuti mayi ayenera kudziwa amene akumusunga.

Madzulo ano amayi akana kudya. Nkhope kukhoma. Aneba atagwira mbale, adya.

Lolemba, 18 Ogasiti

Tsiku lachisanu. Kuwasambitsa amalola, alibe kuchitira mwina, koma maso otseka mpaka nditamaliza. Chitsulo cha bedi sakumenyanso. Amadikira aneba.

Ndafufuta bulogu. Zopanda ntchito. Kalata yopita yapita, ili m'mafoni mwa anthu. Oyamba aja, a malonda othwanima, bwenzi palibe wawerenga ndi mmodzi yemwe. Ndinakana malonda, n'kusankha chimkuzamawu.

Mayi wosamudziwa uja ndamutaya nayo limodzi. Adiresi yake sindinasunge.

Achimwene akuti Loweruka adzawatenga amayi. Kwawo kuli masitepe khumi ndi awiri ndi wantchito woti sanagwirepo wodwala. Chilondacho chikasiyidwa masiku atatu chifika pafupa, ndawauza. Akuti bola chilonda kusiyana ndi munthu wowafunira imfa. Anamwino akuti amayi mutu ndi wabwinobwino, afunsidwe okha. Awafunsa ndani? Ine sakundiyang'ana.

Makina ali zii. Oda palibe. Lendi pa 30.

Lachisanu, 22 Ogasiti

Ndimalongedza zovala zawo m'chikwama, masana. Chitsulo chalira. Koyamba sabata yonse. Ndatembenuka, dzanja likuloza foni pawindo.

"Werenga."

Ndati ndinafufuta. Dzanja osatsika. Inalipo, kalata imene inabwera kwa ine mwini. Ndakhala pamene anakhala alamu. Fungo ndawerenga. Chilonda ndawerenga. Pa malalanje mbali yamoyo ya pakamwa inagwedera, kaya kuseka kaya chiyani. Nditafika pa mzere uja diso linauona patali. Ndaulumpha bwinobwino, osapunthwa, ngati msoko wobisa. Ine amene ndimati sindiopa liwu.

Ndamaliza. Kenaka, movutika, lilime likukana:

"Wadumpha."

Ndabwerera. Ndauwerenga mmene ndinaulembera, liwu lomaliza lomwe, mawu anga ngati a munthu wina. Sanalire. Anandiyang'ana nthawi yaitali, koyamba chiwawerengereni alamu.

"Inenso," anatero.

Chikwama chili pakati pa chipinda, chodzaza theka. Galimoto mawa nayini koloko. Nthawi yowatembenuza yakwana, ndipo sindikudziwa ngati ndimalize kulongedza.