Fumbi la pa Kompyuta ya Apongozi

Lolemba, 3 Juni

Apongozi anga, mkazi wa mwana wanga, ayambanso sukulu. Ine sizikundilowa.

Mwana wanga atabwera nawo koyamba anati, "Amayi, awa ndi injiniya wa magetsi, sukulu anaimaliza yonse." Chithunzi chilipo pakhomapa, atavala mkanjo ndi chipewa changodya chija. Ndiye lero munthu woti imvi zayamba kusuzumira watuluka ndi kope m'chikwama. Ndinawafunsa pakhomo, mwaulemu ndithu, ngati kale lija analephera. Anaseka. Akuti, "Ayi amayi, magetsi ndi amene asintha."

Ndayang'ana babu la pabalaza. Ndi lomwe lija.

Lachiwiri, 4 Juni

Madzulo anandifotokozera, ine ndikusenda anyezi. Ndilembe mmene ndinamvera.

Akuti kale akafuna kuzimitsa nthambo kuti anthu akwere kukakonza, amapita okha kumene kuli swichi, kuigwetsa ndi dzanja, kuiona ndi maso, n'kukhomapo loko. Tsopano kampani yaika zatsopano. Munthu azingokhala pampando m'chipinda chozizira, kudina batani, dera lonse bii. Anatsegula kompyuta yawo yopinda ija patebulo. Mizere yokhayokha, yofiira ndi yobiriwira, ngati nyumba ya kangaude. Akuti, "Iyi ndi tauni yonse, amayi. Msewu wathu ndi uwu." Tauni yonse patebulo lodyera! Ndimati ndifunse zambiri koma mkaka unasefukira pamoto.

Mayeso ndi Lachisanu la sabata yamawa. Wolephera amuchotsa pa ntchito ya m'chipindamo, amutumiza kunthambi yakutali. Mwana wanga ndi wa pamsewu, lole yake imabwera mwezi ukatha. Apongozi akachoka, nyumba ino yatha. Ine ndi maondo angawa ndidzalowera kuti?

Lachinayi, 6 Juni



Apongozi anatuluka mothamanga m'mawa, kompyuta anaisiya yotsegula. Fumbi lili mbuu pamabatani. Ine fumbi sinditha kulipenyerera, ndi mmene ndinabadwira. Ndinatenga kansalu. Pang'onopang'ono ndithu. Kenaka chinthu chija chinalira, tii! Mzere umodzi wofiira unasanduka wobiriwira.

Ndisanapume n'komwe, furiji zii. Wailesi zii. Kuseri kwa mpanda, mnzanga uja timamutcha a Nkhanizafika anakuwa, "Athimatu awa!"

Kompyuta ija ndinaitseka, ndinaifunditsa nsalu ya patebulo, ndinakakhala pabedi. Magetsi anabwera dzuwa litapendeka. Apongozi atafika ndinangowaikira madzi osamba otentha kwambiri.

Lachisanu, 7 Juni

A Nkhanizafika abwera kudzabwereka sefa, sefayo anaiiwala pompo. Akuti dzulo wometa wa pakona anasiya bambo wina mutu theka, anapita kwawo atavala chipewa cha mwini shopu. Wowotcherera zitsulo anangokhala tsiku lonse kutukwana. Kuchipatala analiza jenereta. Akuti, "Kumagetsiko wina aona polekera, muona. Afunseni apongozi anuwo, sakudziwa amene anachita?"

Ndinati mutu ukundipweteka.

Madzulo apongozi sanadye. Akuti mphunzitsi akuwanena kuti akuchedwa kudina, amayang'ana batani ngati njoka. Kenaka ananena mawu oopsa. Akuti makina atsopanowa saiwala, chilichonse chimene chadinidwa chimalembedwa pa dzina la mwini kompyuta.

Ndiye kuti kumeneko akudziwa. Akungodikira tsiku.

Loweruka, 8 Juni

Chala ichi ndachiyang'ana tsiku lonse. Chala wamba.

Lamlungu, 9 Juni

Ndinayesa kuwauza. Ndinafika mpaka pakhomo la chipinda chawo, ndinati odi, atayankha ndinafunsa ngati sopo watsala. Mpongozi umamuyamba bwanji nkhani yotere?

Ndinaimbira mwana wanga. Phokoso la lole lokhalokha. Akuti, "Amayi, mwazimitsa chiyani? Mbaula? Yatsaninso!" Foni inaduka.

Mlandu wa chala changa usagwere mwana wa eni. Mawa ndipita ndekha.

Lolemba, 10 Juni

Ndinavala diresi la kutchalitchi. Mlonda wa pageti anati kulipira ndi khomo linalo. Ndinati sindikulipira, ndabwera kudzadzipereka. Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenaka ananditsogolera.

Chipinda chake chozizira ngati m'furiji. Khoma lonse magalasi, mizere ija yokhayokha koma yaikulu. Anthu akuluakulu atakhala m'mizere ngati ana, wina dazi, wina chimimba chofika patebulo. Mphunzitsi wake mtsikana woti akhoza kukhala mwana wa wadaziyo. Apongozi atandiona anaimirira, "Amayi! Kwagwanji kunyumba?"

Ndinalankhula ndi mphunzitsiyo. Ndinati, "Mwanawe, magetsi a Lachinayi ndinazimitsa ndine. Ndimapukuta fumbi. Awa sakudziwa kanthu, musawachotse. Ngati kuli kumanga, mangani ine."

Wachimimba uja anaphulika ndi kuseka, mpaka misozi. Akuti, "Agogo, khalani pompano mutiphunzitse! Ife sabata yonse tikukanika kuzimitsa msewu umodzi, inu ndi kansalu tauni yonse!"

Mphunzitsi anandipatsa mpando. Anafotokoza mofatsa kuti Lachinayi galimoto inagunda mtengo wa magetsi. Kompyuta ya apongozi ndi yophunzirira chabe, tauni yake ndi yojambula, ilibe nthambo yopita kulikonse. Ndinafunsa kuti nanga furiji inadziwa bwanji? Anasekanso onse. Ine mpaka pano funso limeneli sanandiyankhe bwino.

Mtima unayamba kutsika. Koma mphunzitsi uja anatembenukira kwa apongozi, kuseka kutatha pankhope. "Mayi, ndiye kuti munaisiya yotsegula?" Apongozi anawerama. Iye akuti, "Kale munkachoka pa swichi osakhoma loko? Kutseka kompyuta ndiye loko wa masiku ano. Ikanakhala yeniyeni, pamtengo pali munthu?" Analemba kanthu.

Ndinapita kukawapulumutsa ku mlandu woti kunalibe, ndawapezera mlandu weniweni. Pobwerera ndinakwera basi yolakwika.

Lachiwiri, 11 Juni

"Mwadzuka bwanji amayi." "Ndadzuka." Basi, mawu a tsiku lonse ndi amenewo. Kompyuta akuyenda nayo ngakhale popita kubafa.

A Nkhanizafika amva kale, kaya kwa ndani. Akundiitana kuti a Injiniya.

Lachitatu, 12 Juni

Ndimachapa makapu, apongozi anabwera n'kuima pambali panga, akupukuta kapu youma kale. Ndinati pepani. Anati, "Loko ndinasiya ndine, amayi, si inu."

Kenaka anandifunsa kuti pamene ndinkaganiza kuti ndazimitsa tauni ndinkamva bwanji. Ndinati ngati ndameza mwala wamoto. Akuti, "Inu mwaumeza masiku ochepa. Ine ndi tsiku lililonse. Kale nthambo ndinkaiona ndi maso anga kuti yafa ndisanauze munthu kuti kwera. Pano akuti ndikhulupirire chithunzi. Chala chimakana."

Ine zamagetsi ndikudziwapo chiyani? Ndinangoti mwina chala chokana chili bwino kuposa changa chosafunsa. Anaseka pang'ono, m'mphuno. Kaya ndinathandiza, kaya ndinaonjeza, sindikudziwa.

Lachinayi, 13 Juni

Fumbi lili mbuu pa wailesi yakanema. Ndalisiya.

Lachisanu, 14 Juni

Tsiku lonse khutu lili ku furiji. Ikangopuma, mtima phaa. Ndikudziwa, anandiuza kuti mayeso ndi a tauni yojambula. Koma khutu silinamve nawo.

Anafika dzuwa likadalipo. Ndinali pasofa. Nkhope yawo sinanene kanthu, ine osayerekeza kufunsa. Anaponya chikwama pansi, anadzigwetsa pasofa pomwepo pambali panga, chinthu choti sanachitepo chikwatiwire muno.

Akuti akhoza. Za kompyuta yotsegula zija zawadyera mamalikisi, ndiye miyezi yoyamba azikhala ndi wina pambali powayang'anira, wachimimba uja. Koma sachoka. Tikhala.

Ndinati zikomo, ndiye sukulu yatha. Akuti ayi, chaka chamawa kukubwera ya magetsi a dzuwa, ikatha imeneyo kubwera ina. Ndinafunsa kuti nanga idzatha liti? Nditacheuka, tulo. Mutu unatsetsereka pang'onopang'ono mpaka paphewa langa, pakamwa pali yasa, nsapato zili kuphazi.

A Nkhanizafika anayamba kuitana kumpanda, "A Injiniya! Zayenda bwanji kumeneko?" Phewa linachita dzanzi mpaka m'zala, koma sindinasunthe. Mwanayu watopa.