Fodya Wanu ndi Chala cha Edina

Amayi, kumeneko mukudzuka bwanji masiku ano?

Ife kuno tilipo. Chimanga chaka chino tapeza chokwanira, ngakhale anankafumbwe alowa kale m'nkhokwe osaodira. Thonje tinakagulitsa ku Balaka. Mbuzi yanu yamakani ija yabereka awiri, ndipo onse atengera amawo, sadya kwawo. Nyumba yanu tinagwetsa monga mwa mwambo, koma pamalopo pamera maungu osabzala munthu, obiriwira mpaka chilimwe chino. Palibe amene wathyolapo nkhwani ngakhale tsamba limodzi.

Mimba ija munandisiya nayo ndinachira bwinobwino. Ndi mtsikana, tinamupatsa dzina lanu, Edina. Wayamba kukwawa, ndipo akakwiya amakweza chibwano ngati mwini dzina.

Nkhani yandikhazika pansi ndi ya mwana ameneyu. Mukukumbukira tsiku lomaliza lija, mutandigwira pamkono mpaka zikhadabo kulowa? Munati, "Mwana ali m'mimbamo singano isadzamukhudze. Lumbira." Ndinalumbira. Ndikanatani, munthu mukupuma mobanika? Ndinkadziwa kuti mukuganiza za mlongo wanga Yohane, amene anadwala chikuku ali wamng'ono. Munamubereka kupita naye kuchipatala, anamubaya jakisoni m'mawa, madzulo munabwera naye kumsana atazizira. Kuyambira pamenepo nyimbo yanu inali imodzi, yoti mwana ndi singano sizionana.

Chikuku chija chabweranso, Amayi. Chinayambira cha ku Ntaja, chawoloka Shire, tsopano chili m'mudzi muno, ndipo makasu akumanda sakuuma dothi. Atcheya a chipani anaitanitsa msonkhano n'kunena kuti wokaniza mwana katemera akukana boma. Mukudziwa nokha kuti mawu otero sayankhidwa. Anyamata a chipani aja a Yufi pamsika ayamba kufunsa khadi la kusikelo pamodzi ndi la chipani. Amuna anga, bambo a Edina, nawo akabwera kuchokera kuntchito kwawo kunjanji amangoti mawu a womwalira asaphetse wamoyo. Ndimawakalipira, koma mumtima ndimadziwa kuti sakunama.

Ndiye ndinayesa, sindikubisirani. Tsiku lina ndinabereka mwana kuti ndipite naye kusikelo. Nditangoponda pakhomo, linandimenya fungo la fodya wanu wa m'mphuno, uja munkapera nokha n'kuthira kaphulusa. Kabotolo kanu ndinakuikirani m'bokosi ndi dzanja langali, ndipo chichokereni inu, m'mudzi muno wonunkhiza fodya palibe. Ndinamasula mwana n'kukhala pansi.

Ulendo wina ndinalimba mtima mpaka kukafika pamzere. Anesi anali akuwiritsa masingano m'kapoto. Kumbuyo kwanga munthu anayetsemula, kawiri motsatizana, kenako zii, kenako chachikulu chija chinkabalalitsa nkhuku pabwalo. Ndinacheuka. Womaliza pamzere ndinali ine, kumbuyo kwanga kunali khoma. Mmene ndinafikira kunyumba sindikudziwa. Paja mukayetsemula munkapukuta mphuno ndi nsonga ya chitenje n'kunena kuti woyetsemula sanafe. Nanga za inuyo tinene kuti chiyani?

Mwezi wathawu kusukulu kunabwera galimoto yochokera ku boma ku Machinga, kuja inu munkangoti ku Kasupe mpaka tsiku lanu lomaliza. Inabwera ndi dokotala, mwana wakonkuno, kwawo ku Chikweo, koma anakaphunzira kunja. Ntchito yawo ndi kufufuza katemera wosabaya. Anatiuza kuti ali mwana amayi awo ankawabisa m'nkhokwe akamva galimoto ya akatemera, ndipo chikuku chinawatengera alongo awo awiri. Akuti kuyambira kalekale akhala akufunafuna katemera woti mayi asamathawe. Sanatinamize iyayi. Ananena poyera kuti njirayi akuiyesa kumene ndipo palibe wokakamizidwa. Atcheya anachita tsinya pamenepo.

Chida chawocho mukanachiona mukanaseka. Ndi pampu yoponda ndi phazi ngati yopopera matayala, kapaipi, kabotolo ka mankhwala kokhala m'madzi oundana, ndi kachikho kovundikira mphuno ndi kamwa. Akaponda mumatuluka kankhungu, mwana n'kumangopuma. Anati chikuku chimalowera m'mphuno, choncho mlonda aime pakhomo pomwe wakuba amalowera. Ndinakondwa kwambiri, Amayi. Singano panalibe, lumbiro langa linali chilili.

Ndinakhala pabenchi, Edina pamiyendo. Adokotala anamuvundikira kachikho kaja n'kuyamba kuponda. Mwadzidzidzi phazi lawo linaima. Anadzutsa mutu, kununkhiza uku ndi uku, n'kufunsa kuti, "Kodi ndani ali ndi fodya wa m'mphuno muno?"

Azimayi onse m'kalasimo anangoyang'anana. Ine thupi lonse linachita tsemwe, chifukwa mpaka tsiku limenelo ndinkadzitonthoza kuti fungolo lili m'mutu mwanga mokha. Pompo Edina anayetsemula m'kachikhomo, kawiri, kenako zii, kenako chachikulu chija. Kamwana ka mano awiri, kuyetsemula kwa munthu wamkulu.

Anthu atatuluka ndinawafotokozera adokotala zonse, za Yohane, za lumbiro, za khoma lija. Sanaseke. Za Yohane anati chikuku chinali chitatsikira kale m'chifuwa, jakisoni sanamuphe koma anafika mochedwa. Ndikungobwereza zomwe ananena, musandikwezere chibwano. Kenako anandiuza chomwe chandisowetsa mtendere. Popeza mwana anayetsemula, sakudziwa ngati mankhwala anakhalamo kapena anatuluka. Chowauza ndi kadontho ka magazi, ndipo magaziwo amawatenga pobaya pachala. Abweranso Lachisanu likudzali. Akufuna atenge kadonthoko, ndipo kwa Edina akuti asadikire yankho la magaziwo, amubayiretu katemera wa masiku onse uja tsiku lomwelo. Ndinawafunsa kuti ndikakana zidzatha bwanji. Anati sadzandinenera kwa atcheya, koma ndidziwe kuti wodzatiuza ngati katemera anagwira adzakhala chikuku chenichenicho.

Tandiuzani, Amayi, m'kalasi muja munabwera kudzatani? Munabwera kudzakoka nawo kankhunguko, monga munkachitira mukaona kabotolo ka mnzanu, kapena munabwera kudzakatulutsa m'mphuno mwa mdzukulu wanu? Funso limeneli ndimaphika nalo, ndimapita nalo kumjigo, yankho osalipeza.

Dzulo tinaika mwana wa anansi athu a kuseri kwa mpandawa. Ameneyo ndi amene ankabwera kudzaseweretsa Edina pamphasa. Ndikuopa, Amayi. Ndikuopa inu, ndikuopa chikuku, koma ndayeza mantha awiriwa ndipo a chikuku alemera.

Choncho Lachisanu ndipita, ndipo kadzanja ka Edina ndikakagwira ndine. Ndikukuuzani dzuwa likuswa mtengo kuti musadzati ndinakuzemberani. Pa anthu onse, inu ndi amene mukudziwa kulemera kwa mwana wozizira kumsana. Munayenda naye mtunda wonse uja nokha, osalira mpaka kufika pabwalo. Mukufuna nanenso ndiyende mtunda umenewo? Sindikhulupirira. Munandilumbiritsa chifukwa cha chikondi, ndiye ndi chikondi chomwecho ndimasuleni.

Pamene ndikulembapa ndakhala pakhonde ndipo fungo lija lafika kale. Edina wasiya kuyamwa. Akuyang'ana kumaungu kuja, akuseka, watambasula manja onse awiri ngati wofuna kunyamulidwa. Musamunyamule, chonde. Ngati mwakwiya, wolumbira ndinali ine, iyeyu anali asanabadwe. Bwerani kwa ine, mukudziwa pomwe ndimagona.

Ndikulonjezani ichi. Tikabwerako ndidzapera fodya ndekha, ndi kaphulusa monga munkakondera, n'kudzakuthirirani pamalo panali nyumba yanu. Ndidzathyolanso nkhwani pamenepo, ndiphike ndi nsinjiro, ndimulawitse mwini dzina lanu. Koma Lachisanulo mukamva mwana akulira cha kusukulu, musadzuke, Amayi. Gonani. Kudzakhala kulira kwa wamoyo.

Ndine mwana wanu amene sanasiye kukukondani,
Felesiya