Ndinalemba apongozi anga kuti ndi mfiti m'kompyuta ya kuparishi

Aphungu,

Kalatayi ndailemba pamanja chifukwa sindikufuna kuti itsale m'makina amene ndawagwiritsa ntchito molakwa.

Ndine bambo wa zaka 29, kalaliki pa ofesi ya parishi ina kuno kumapiri a Dedza. Ndili pachikamwini kwawo kwa mkazi wanga Jesinta, ndipo tili ndi ana awiri. Chaka chatha, 1991, abwenzi a parishi yathu a kunja anatitumizira kompyuta, ndipo a Bambo Mfumu ananditumiza ku Lilongwe milungu itatu kukaphunzira pulogalamu yolembera yotchedwa WordStar. Ntchito yanga ndi kulowetsamo maina a akhristu: obatizidwa, olimbitsidwa, a m'miphakati, amayi a gulu la mapemphero la Legio, mboni za maukwati. Mudzi uliwonse uli ndi fayilo yake, chaka chilichonse yake. Pano mafayilo apitirira mazana asanu.

Tsiku lina Loweruka ndinali kuseri kwa nkhokwe ndikukonza njinga. Apongozi anga aakazi, mayi Anjelina, anali pabwalo ndi amayi anzawo akusola nyemba. Mukudziwa kuti apongozi salankhula ndi mkamwini maso ndi maso, choncho anauza mwana wawo, koma mokweza kuti ndimve: “Jesinta, amuna a anzako ali kudimba akukumba kachewere. Wakoyu ntchito kugogoda kabokosi. Kodi ana adzadya zilembo?” Amayi aja anaseka mpaka wina kutsokomola.

Lolemba lake ndinali kulowetsa maina a amayi a Legio. Nditafika pa dzina lawo, m'malo mwa dzina la bambo ndinalemba kuti Mfiti. Anjelina Mfiti. Ndinaseka ndekha mu ofesimo, mtima ndi kukhala pansi. Ndinati ndifufuta mawa. Sindinafufute, ndipo chinasanduka chizolowezi. Apongozi anga ndi mkhristu wakalekale, akhala mboni pa maubatizo ndi maukwati osawerengeka, ndiye dzina lawo limatulukira paliponse. Kwa miyezi iwiri, likatuluka ndimalembapo mawu amenewa, pena ndi zilembo zazikulu, pena zazing'ono.

Mu Juni mwana wathu wamkulu anadwala chikuku. Jesinta anali ndi khanda la milungu itatu, motero ndi apongozi amene anamubereka mwanayo mpaka kuchipatala ndi kukhala naye masiku asanu ndi anayi. Tsiku lina nditapita kukazonda, ndinawapeza atandifulatira, akucheza ndi mayi wa pabedi loyandikana. Ndinawamva akuti: “Bambo ake a mwanayu ndi ophunzira. Makina aja a kuparishi palibe wina amawatha, koma iwo okha.” Aphungu, ndinaima pakhomo paja ndi thumba la malalanje.

Ndinayamba kufufuta, koma sindinkakumbukira mafayilo ake. Ndisanapite patali, akatekisiti athu, a Ezara, anabwera ndi pepala la mphakati wakwathu lomwe ndinali nditawasindikizira ndekha osaliwerenga. Anatseka chitseko, ndi kuloza ndi chala: “Achimwene, ichi n'chiyani? Mwayi wake ndaliona ndisanakawerenge m'tchalitchi.” Ine ndinayankha kuti, “Ndi kompyutayi, masiku ano ikumasokoneza maina.” Anandiyang'ana m'maso, kenaka anati, “Chabwino,” ndi kupinda pepalalo kuika m'thumba la jekete.

Bodza lija lafika kwa a Bambo Mfumu. Iwo akukhulupirira kuti makina agwidwa matenda, ndipo aitana katswiri wa ku Lilongwe kuti abwere kumapeto kwa mwezi uno. Mwezi wamawa kukubwera a Episkopi kudzapereka ulimbitso, ndipo maina onse adzasindikizidwa ndi kukhomedwa pa zitseko za matchalitchi athu onse.

Ndakhala ndikutsegula fayilo imodziimodzi nthawi ya nkhomaliro. Milungu iwiri ndaona mafayilo 70 okha, ndapezamo malo asanu ndi anayi. Ndikamawerenga maso amachita chidima, ndipo sindikudziwa ngati sindinadumphe ena. Kunyumba, apongozi akatumiza ndiwo za kudimba kwawo, chaka cha chilala ngati chino, ndimangozisiya m'mbale. Jesinta akuganiza kuti ndili ndi chibwenzi.

Kodi pali njira yofufuzira mawu amodzi m'mafayilo onsewa nthawi imodzi? Nanga ndiulule, kapena ndingokonza mwakachetechete?

B.K., Dedza

*

A B.K.,

Mwafunsa mafunso awiri. Loyamba ndi lapafupi kuposa momwe mukuganizira, ndiye tiyambe ndi lomwelo.

Ine za makompyuta sindizidziwa. Ndinatenga kalata yanu, nditaphimba dzina, kupita nayo kwa Jenifa, mtsikana amene amayendetsa makina otere pa ofesi ina kuno. Atawerenga anati, “Milungu iwiri? Iyi ndi ntchito ya masana amodzi.” Anandionetsa ndikuona ndi maso anga, ndipo ndikulembereni monga anandiuzira.

Tulukani mu WordStar mufike pagalasi lakuda paja pamaoneka C:\> . Lowani m'dayirekitale momwe muli mafayilo anu ndi lamulo la CD, monga munaphunzirira ku Lilongwe. Kenaka lembani mzere uwu ndendende, musasinthe kadontho ngakhale kamodzi:

FOR %F IN (*.*) DO FIND /I /C "mfit" %F

Mukadina Enter, makina atenga fayilo iliyonse, aiwerenga, ndi kulemba dzina lake pamodzi ndi nambala. Nambala ikakhala 0, mulibe kanthu. Ikakhala 1 kapena kuposa, lembani dzina la fayiloyo papepala. Maina azithamanga, choncho dinani batani la Pause kuti aime, mukakopera dinani batani lina lililonse apitirire.

Ka /I kaja kakuuza makina kuti asasiyanitse zilembo zazikulu ndi zazing'ono. Akakakana, ndiye kuti DOS yanu, pulogalamu yoyendetsa makinawo, ndi yakale. Kachotseni, mufufuze katatu: "mfit", "Mfit" ndi "MFIT". Mwaonanso kuti tasiya chilembo chomaliza. Si kulakwitsa. Jenifa akuti WordStar imakonda kusunga chilembo chomaliza cha liwu mwa njira yakeyake, moti mukalemba liwu lonse makina angathe kulidumpha likadalipo.

Lamuloli limangoyang'ana m'dayirekitale momwe mwaimamo. Lowani m'lililonse, mulibwereze. Madisiketi onse a m'kabati nawonso alowe limodzilimodzi: lembani A: kenaka mzere womwewo. Mudzaona mafayilo ena othera ndi BAK. Amenewo ndi makope akale omwe WordStar imasunga yokha mukakonza fayilo, ndiye malo asanu ndi anayi mwakonza kale aja mwina akadali m'menemo.

Musafufute fayilo chifukwa choti yaonetsa nambala. Muli pa parishi, ndipo liwu limeneli lingapezeke m'maphunziro a katekisimu mosalakwa. Tsegulani iliyonse, muone, mubwezeretse dzina lenileni la mayiwo. Mukamaliza fufuzaninso mpaka paliponse padzaoneke 0, ndipo pomaliza fufuzani "Anjelin" kuti muone ngati dzina lawo lakhala bwino ponseponse.

Tsopano funso lachiwiri. Mawu a apongozi anu anali opweteka, sindikukana. Kunyozedwa pamaso pa amayi a m'mudzi womwe ndiwe mkamwini si chinthu chaching'ono. Koma iwo anakunenani ulesi, inu mwawalemba ufiti, ndipo mwaulemba m'mabuku a mpingo. Mukuidziwa midzi yathu. Pepala limenelo likanakhomedwa pa chitseko cha tchalitchi, palibe akanati ndi nthabwala za kalaliki. Akanati ngakhale ansembe akudziwa. Mwana akanamwalira m'mudzimo, anthu akanayang'ana khomo la mayi Anjelina. Dziwaninso kuti kutchula munthu mfiti ndi mlandu ngakhale pamaso pa malamulo.

Kwa a Bambo Mfumu pitani sabata ino, katswiri uja asanakwere basi. Iye sadzachedwa kuona kuti palibe matenda a makina amene amasankha mayi mmodzi m'parishi yonse. Ansembe amve kwa inu, osati kwa mlendo. Pitani ndi pepala la mafayilo mwakonza aja m'manja, munene zomwe munachita popanda kuzikometsera. Angathe kukudzudzulani kwambiri, mwinanso kukuimitsani ntchito kwa kanthawi, sindingakulonjezeni kuti ayi. Koma amva zoipa zoposa izi, ndipo munthu wobwera yekha amamulandira mosiyana ndi wogwidwa.

Jesinta muuzeni lero lomwe. Mkazi wa khanda kumanja asamagone ndi nkhawa ya chibwenzi chomwe kulibe. Adzakwiya, pakuti amenewo ndi amayi ake, ndipo mumulole akwiye. Ndi iye amene akuwadziwa bwino, ndiye mugwirizane naye ngati nkhaniyi ifike kwa iwo, ndi kudzera mwa ndani. Ngati itafika, ipite ndi ankhoswe mwaulemu wake, isapite ndi mphekesera. Loweruka likubwerali tengani khasu mukathandize kudimba kwawo, osadikira kuitanidwa.

Chenjezo langa ndi ili. Mukadzaona 0 pa mafayilo onse, mtima udzakuuzani kuti nkhani yatha, palibenso chifukwa chouzira munthu. Musaumvere. Makinawo amawerenga za m'kati mwake mokha, sadziwa mapepala amene anatuluka kale. Khalani pansi mukumbukire onse amene munawasindikizira maina kuyambira tsiku lija, muwayendere mmodzimmodzi. Muyambire kwa a Ezara. Bambo amene uja anadziwa tsiku lomwelo kuti mukunama, ndipo mpaka lero sanauze munthu kuti ndinu. Musawasenzetse katundu wanu nthawi yaitali.

Aphungu